Tsiku Limene Mbuzi Zinadya Bwalo Lathu

Anzanga, musanayambe kundiseka monga akuchitira a kwathu kuno, tandilolani ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa amene akuikamba nkhaniyi kumsika akuthiramo mchere wambiri. Ena akuti mbuzi zake zinachokera ndi ku Chisi komwe, zinachita kuwoloka nyanja. Bodza limenelo. Zinali za m'mudzi mwathu momwe muno, ndipo zina ndimazidziwa ndi nkhope zomwe.

Chinayambitsa zonse ndi mutu wangawu. Chaka chatha unkandiwawa ngati wina akusinjiramo mpunga, miyendo kulemera, tulo osabwera, ndikawerama kusikimu ku Likangala powokera mpunga, poweramuka ndinkaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Mlangizi wathu wa zaumoyo, mtsikana wansangala dzina lake Linile, ngakhale tonse timangoti adokotala, atandimanga kansalu kake kaja pamkono anati ndi bipi. Anandiuza zokatenga mankhwala kuchipatala, zochepetsa mchere, kenako n'kuwonjezera kuti ndizichitako masewera. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Masewera ati kwa munthu wolima kuyambira mbandakucha, wosenza mitolo ya mpunga pamutu? Iye anati kulima kumatopetsa thupi koma mtima supuma, pamafunika kuthamangako pang'ono, kuseka ndi anzako, kuiwalako za feteleza.

Nditafunsafunsa ndinapeza kuti sindinali ndekha. Azimayi ambiri amsinkhu wanga anali nalo vuto lomweli, ena shuga, ena kungokhala duu pakhonde ndi maganizo. Tonse tinasewerapo ntchemberembaye tili kupulayimale, koma poti tisewere panalibe, chifukwa kuno malo alionse osalala amadzalidwa kanthu. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndinapita kwa achemwali anga aakulu, a Esinala, amene ali ndi kamunda kosalala m'mbali mwa njira yopita kudoko, kamene kanagona chisamukireni mwana wawo kupita ku Joni.

Achemwali angawa ndimawakonda, koma si munthu womupempha kanthu uli ndi mtima wapachala. Miyendo yawo inatupa kalekale, kuyenda n'kochita kuwerenga, ndiye mphamvu zonse zinasamukira pakamwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati ukalamba wayamba kundisokoneza. Atanditopetsa mokwanira anavomera, koma ndi lamulo lake.

"Ndakubwereka mpaka nthawi yososa, Felesiya. Ikakwana ndidzabwera kudzaona ndekha. Ndikadzapeza zachibwana, khasu lilowa pamenepo."

Tinazula zitsa, kusalaza kachulu kanali pakati, kuzika mitengo iwiri ya bulugamu n'kukhomerapo malimu akale a njinga kuti akhale magolo. Poyamba tinkathamanga pang'ono n'kukhala pansi wefuwefu, ana akutiseka, koma posakhalitsa zinthu zinasintha. Mutu wanga unaleka kusinja, tulo tinabwera tokoma. Mayi wina wamasiye amene chimwalirireni amuna ake sankatuluka m'nyumba anabwera kudzangoonerera, lero ndiye amagoletsa kuposa tonse. Ana anapeza kothera madzulo m'malo molondola asodzi kudoko, azibambo anasamutsira bawo wawo pansi pa mango wa m'mphepete, akuti kumeneko kumapita kamphepo, koma tonse tikudziwa kuti ankabwera kudzationa tikugwa. Ndinene poyera, bwalo limenelo ndinalikonda ngati mwana wanga, ndipo nthawi yososa itayandikira ndinkangoganiza za khasu la achemwali.

Adokotala ndiwo anabweretsa nzeru yoti tiitane azimayi a ku Chisi kuti tidzasewere nawo Loweruka limene achemwali anati abwera, kuti adzaone kuti nkhaniyi ndi yaikulu, anthu akuchita kuwolokera nyanja. Tonse tinaomba m'manja. Vuto linali mizere. Masiku onse tinkangokanda pansi ndi kamtengo, koma alendo sungawalandire pabwalo lokandakanda, pamafunika mizere yoyera yooneka ndi patali. Ndiye ine, pakamwa pangapa, ndinaimirira n'kunena kuti zimenezo asiyire ine, wina asavutike, ndidzajambula mizere yoti ngakhale a m'tauni adzasilira.

Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha phulusa, kulisefa bwinobwino ndi sefa wa ufa, mpaka linadzaza ndowa yaikulu, n'kuliika kuseri kwa khitchini. Loweruka kum'mawa ndadzuka ndi nyimbo pakamwa, ndikupita kuseri kuja, ndowa ilipo, phulusa mulibe. Ndinakawapeza bambo a Tadala, amuna anga, akutsuka m'kamwa mosatekeseka, ndipo nditawafunsa anati analitenga dzulo kukawaza kudimba chifukwa nsabwe zinayamba kuwononga mpiru wawo.

"Ndimayesa mwandisonkhanitsira ine," anatero. "Ndinathokoza mumtima, kusefa kwake komweko."

Kuthokoza mumtima! Zimene ndinawayankha sindingazibwereze pano, pali ana. Iwo anangokwera njinga yawo n'kupita kudimba konko, kundisiya ndikuzungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira. Boti la ku Chisi linali litanyamuka kale, phulusa la mudzi wonse ndinali nditakokolola ndekha, ndiye ndikanatani? Pamenepo maso anga anagwera pathumba la madeya limene bambowo anasungira abakha awo, madeya osalala, oyera bwino, ochokera kuchigayo dzana lomwelo. Ndinadziuza kuti choyera n'choyera, ndani angawerame kukanunkhiza mzere? Komanso mumtima ndinati, mwadya phulusa langa, abakha anu agona ndi njala, tafanana.

Musaganize kuti za ziweto sindinaziganizire, ine si mwana. Koma kuno mvula ikangogwa mbuzi zonse zimakhala pachingwe mpaka anthu atamaliza kukolola ndi kuthyola nandolo, ndipo miyezi yonse imene tinkasewera pabwalopo sindinaonepo mbuzi yoyenda yokha. Chimene ndinaiwala n'chakuti Lamulungu lapitalo kutchalitchi analengeza kuti nandolo watha m'minda, ziweto zimasulidwe kuyambira Loweruka. Ine ndinalimo m'tchalitchimo, pabenchi lachiwiri, koma mutu wanga unali kugoletsa zigoli. Tsoka silinunkha, anzanga.

Mizere ndinajambula, ndipo ngakhale lero ndimanena kuti inali yokongola. Yowongoka ngati yachingwe, yokhota ya pansi pa golo inachita kuzungulira bwinobwino, kadontho kapakati koyera mbee. Madeya otsala ndinawamanga m'kajumbo n'kukasomeka m'chiuno, mkati mwa chitenje, kuti wina asawaone komanso kuti ndizikonzera pofufutika. Mkati mwa chitenjemo munalinso chinsinsi china. Kabudula wanga wosewerera anali asanaume, ndiye ndinatola wa bambo a Tadala amene amavala popita kunyanja, uja ndinamusoka ndekha zigamba ziwiri za nsalu yamaluwa kumbuyoku, chimodzi uku china uku. Ndani akanamuona?

Anthu anabwera ngati kuli ukwati. Azimayi a ku Chisi anafika akuimba kuchokera kudoko, amphamvu ngati amadya miyala, ataona bwalo anayamikira kuti ife a kumtunda tatukuka. Ena anandifunsa kuti laimu wokongola chotere ndinamupeza kuti, ine m'malo mokhala chete ndinati ndili ndi anthu anga ku Zomba. Achemwali anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, tinawaikira mpando pamthunzi wa mango, anakhala n'kupinda manja, nkhope ngati woweruza milandu. Sanayamikire, koma ndinawaona akuyang'ana mizere ija nthawi yaitali, mtima wanga unachita kuvina.

Adokotala anaimba wenzulo, mpira unayamba, ndipo unayamba bwino, tinagoletsa ife koyamba, nthungululu kuti wee. Kenako ndinaona nkhuku imodzi ikujompha pakona. Ndinaithamangitsa ndi phazi mwakachetechete ngati ndikungodziwongola. Inapita, n'kubwera ndi anzake. Posakhalitsa abakha a bambo a Tadala anatulukira m'njira ali pamzere, akuyenda monyang'wa ngati anthu odzatenga katundu wawo, ndipo kunena zoona anali wawodi. Anthu anaseka pang'ono, wina anati abakha a masiku ano akudya laimu, ine ndinaseka nawo koma thukuta limene linkatsika pamenepo silinali la mpira.

Ndiye kunamveka kulira kwa mbuzi. Inu munaonapo mbuzi imene yakhala pachingwe miyezi yonse ya dzinja ndi masika, yangomasulidwa m'mawa womwewo, ndiye yamva fungo la madeya? Sizinabwere zikuyenda ayi, zinabwera zikuuluka, zazikulu, zazing'ono, zabere, patsogolo pali tonde wa achemwali anga, chimbuzi chandevu chonunkha chimene mudzi wonse umachiopa. Zinafika n'kugawana ntchito mwadongosolo kuposa komiti yathu, zina mzere wa m'mbali, zina wapakati, tonde anasankha wokhota wa pansi pa golo lathu n'kuyamba kuunyambita kuchokera kumapeto.

Mpira sunaime msanga, chifukwa a ku Chisi anali pafupi kugoletsa ndipo sanafune kumva za mbuzi. Mayi wawo wina wamtali anaponya mpira n'kulowa, athu anakana kuti anaponyera kunja kwa mzere, iye anati anali mkati, adokotala anathamanga kuti akaone, anapeza mzere wake uli m'mimba mwa tonde. Anawerama, anatapa kotsala ndi zala, kununkhiza, kenako n'kutembenuka kundiyang'ana. Mtsikana waulemu uja anangoluma mlomo, mapewa akugwedera. Koma mayi wa ku Chisi uja analawa ndithu, n'kulengeza kwa anthu onse kuti laimu wa ku Zomba ameneyu kwawo amaphikira phala la nkhumba.

Apa munthu wanzeru akanangovomera n'kupepesa. Ine ndinaganiza zopulumutsa zinthu. Ndinati ndikatulutsa kajumbo kaja n'kukawaza madeya kutali, kuseri kwa mango, mbuzi zonse zitsatira kumeneko, bwalo lipuma. Ndinayamba kusuntha cham'mbali, dzanja lili m'chiuno, koma pokoka kajumboko kanakodwa n'kubooka, madeya n'kuyamba kutsika m'chitenje ngati ufa pachigayo. Tonde anadzutsa mutu. Tinayang'anana. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, iye anabwera kutsogolo pang'ono, ndiye miyendo yanga inaganiza yokha.

Anzanga, ndinathamanga. Ine amene chaka chatha ndinkapumira panjira popita kumjigo, ndinazungulira bwalo lonse ngati mtsikana wa sitandade faifi, kumbuyo kwanga mzere watsopano ukujambulika wokha, tonde ali pambuyo, mbuzi zinzake pambuyo pake, abakha kumapeto akuyesetsa. Ndikakhotera kumanzere, gulu lonse kumanzere. Ndinadutsa pakati pa azibambo a bawo, nkhomo zinamwazika, mkulu wina amene ankati akupambana mpaka lero sandipatsa moni bwinobwino. Anthu ankakuwa kuti nditaye jumbo, koma ndikanataya bwanji chinthu chomangika m'chiuno pamodzi ndi ulemu wanga?

Nkhaniyo anaithetsa ndi tonde. Analuma nsonga ya chitenje n'kuima nji, ine ndikupitirira. Chitenje chinatsala, ine ndinapita, ndipo mudzi wonse pamodzi ndi alendo a ku Chisi unaona maluwa awiri aja akuthamanga pabwalo, lina kukwera lina kutsika. Kenako kunaphulika chiphwete chimene ndikukhulupirira asodzi anachimva ali pamadzi. Poti ndibisale panalibe, ndiye ndinalumphira m'kangalande ka m'mphepete mwa njira, ndimayesa n'kouma poti pamwamba panali ming'alu, osadziwa kuti pansi ndi phala lenileni. Ndinalowa mpaka m'mawondo n'kukhala pansi kuti phwatha.

Ndili m'matope momwemo ndinamva belu la njinga. Bambo a Tadala akuchokera kudimba, mtolo wa mpiru pakaliyala. Anaima, anayang'ana abakha awo, anayang'ana mizere yotsala, anandiyang'ana ine, ndipo mmene ndimawadziwira ndinayembekeza kuti ayamba za madeya. Iwo ayi.

"Mayi a Tadala," anatero mofatsa, anthu onse akumva, "kabudula ameneyo ndamufunafuna m'mawa wonse."

Pamenepo ndinafuna matope andimeze ndithu. Koma chimene chinandiwawa kwambiri si kabudula, si kuseka kwa anthu. Ndinaganiza za achemwali, kuti zachibwana zimene ananena zija ndi zimenezi, ndipo wazibweretsa ndine, bwalo lapita chifukwa cha ine. Ndinaganiza za mayi wamasiye uja kubwereranso kukadzitsekera m'nyumba, misozi inayamba kulengeza. Ndinadzutsa mutu kuti ndione nkhope yawo, mpando unali wopanda munthu.

Achemwali anali pakati pa bwalo. Ndodo anaisiya pamango, m'manja muli patapata, akuthamangitsa tonde wawo amene ankakokabe chitenje changa, akumutukwana ndi mayina a makolo ake onse. Sindinganene kuti kunali kuthamanga kwenikweni, kunali kuyenda kokwiya, koma kwa munthu amene zaka zonsezi kuchoka pakhonde kufika pankhokwe unali ulendo, chinali chozizwitsa. Anthu ataona gogo akulimbana ndi tonde onse analowerera, a ku Chisi, athu, azibambo a bawo, aliyense ndi mbuzi yake, kugwa, kudzuka, kuseka, fumbi kuti koboo. Achemwali analanda chitenje chija, chitatafunidwa mbali imodzi, anabwera nacho pangalande akupuma mwa befu, ataona mmene ndakhalira anayamba kuseka, kuseka kogwira m'nthiti, misozi mbwembwembwe. Chimwalirireni mayi athu ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho.

Mpira tinaumaliza pamizere yokanda ndi kamtengo, a ku Chisi anatichinya bwinobwino, ine ndikuonerera nditafunda chitenje chobwereka, matope akuuma m'miyendo. Alendo atanyamuka, azimayi tonse tinasonkhana pamango paja, tikudikira chiweruzo. Ine ndinagwada n'kuyamba kupepesa, kuti cholakwa ndi changa ndekha, asalange anzanga. Achemwali anandidula ndi dzanja, nkhope yabwerera ya woweruza ija, ngakhale m'mphepete mwa mlomo munkanjenjemera.

"Iwe Felesiya wandiwonongera munda. Mbuzi za mudzi wonse zadziwa tsopano kuti pano pamapezeka chakudya. Ndikadzalapo chimanga ndidzakolola chiyani? Tengani bwalo lanulo, ine ndilibe nalo ntchito."

Tonse pamenepo tinkadziwa kuti nthawi ya chimanga mbuzi zimakhala pachingwe, ndipo iwo ankadziwa kuti tikudziwa. Palibe anawakonza. Mayi wamasiye uja anayambitsa nyimbo, tinavina mpaka dzuwa kupendeka, ine ndi matope anga omwewo.

Lachiwiri lotsatira tikusewera tinangoona achemwali akubwera, atavala nsapato zachinsalu za mdzukulu wawo. Anati tisaganize zambiri, angobwera kudzayang'anira tonde wawo kuti asavutitsenso anthu. Tondeyo anali kudambo, kutali. Anaima m'mbali, mpira utagubuduzikira kwa iwo anautola n'kuuponya, kenako anati woponya wathu sakudziwa kuimika chigongono, amusonyeze kamodzi kokha. Mpaka lero akumusonyezabe, ndipo adokotala akuti kansalu kaja kayamba kunena zabwino pamkono pawo.

Ine dzina langa linatha, ana akandiona amangolira ngati mbuzi, ndipo ndikamadutsa pamsika azimayi amandifunsa ngati anthu anga a ku Zomba atumizanso katundu. Ndimaseka nawo, nanga n'kutani, bwalo lilipo. Koma ndinalumbira pamaso pa komiti yonse, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu, kuti ine ndi mizere tinasiyana. Ndidzasesa, ndidzatunga madzi, ndidzasewera mpaka mano atathe m'kamwa, koma pamsonkhano akadzangofunsa kuti ndani ajambule bwalo, mudzandipeza ndakhalira manja anga onse awiri.